Lonjezo Limodzi Losungika Liposa Malonjezo Khumi Oiŵalika

Usiku wa pa 31 Disembala, nthaŵi ikangokwana 12 koloko, dziko lonse limadzambatuka. M'matchalitchi mabelu amalira, ndipo anthu amene achezera kupemphera amaimirira ndi kugwirana chanza. Ku Ndirande, ku Kaŵale ndi ku Chibavi ana amatuluka m'nyumba akumenya zitini ndi zidebe zobooka, agalu nawo nkumauwa osadziŵa chimene chachitika. Kumudzi ng'oma imagunda mpaka mbandakucha. Koma pakati pa phokoso lonselo munthu wamkulu aliyense amapeza kamphindi kolankhula ndi mtima wake, ndipo mawu amene amadziuza ndi omwewo chaka ndi chaka: "Chaka chino ndisintha." Wina amalonjeza kusiya moŵa, wina fodya, wina kuchepetsa thupi, wina kuleka kupsa mtima msanga. Pofika tsiku la John Chilembwe, pa 15 Januwale, ambiri mwa malonjezo ameneŵa amakhala atayamba kale kufota ngati mmera wa pamchenga, ndipo pofika nthaŵi ya mondokwa palibenso amene amaŵakumbukira.

Ife a nyuzipepala ino sitikufuna kuseka anthu olonjeza, pakuti nafenso tili m'gulu lomwelo. Tikufuna kufunsa funso limene aŵerengi athu ayenera kulilingalira mofatsa sabata ino. Kodi nchifukwa ninji munthu wanzeru zake, amene amasunga pangano ndi abwana ake kuntchito, amenenso amabweza ngongole ya mnansi wake pa tsiku lake, amalephera kusunga pangano limene wapangana ndi thupi lake lomwe? Ndipo ngati chaka chino tifuna kulonjeza kanthu kokhudza umoyo wathu, tilonjeze chiyani, nanga tilonjeze motani kuti lonjezolo likafike mu Disembala likadali lamoyo?

Mwambo wa eni, nyengo yathu

Mwambo wolonjeza pa Nyuwere ngwakale ndithu. Dzina la mwezi wa Januwale linachokera kwa Janus, mulungu wa Aroma amene ankamujambula ndi nkhope ziŵiri, ina yoyang'ana kumbuyo, ina yoyang'ana kutsogolo. Kalendala imene Julius Caesar anakonza, imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 45 Yesu asanabadwe, inkayambira pa 1 Januwale. Ku Mangalande, m'chaka cha 1755, John Wesley anayambitsa mapemphero okonzanso pangano ndi Mulungu, ndipo pambuyo pake mapempherowo anakhazikika kumayambiriro kwa chaka. Makolo athu, amene analibe kalendala ya papepala, ankadziŵa kuti chaka chatembenuka akaona mitengo ikuphuka ndi mvula ya chizimalupsa itagwa. Pamenepo munthu ankasula khasu lake, kusankha mbeu ndi kufolera nyumba. Kwa iwo kuyamba chaka kunali kugwira ntchito yooneka ndi maso.

Tsono tiyenera kuzindikira kuti Januwale wa ku Ulaya ndi Januwale wa ku Malaŵi ndi miyezi iŵiri yosiyana. Kumeneko ndi nyengo yachisanu, anthu amakhala atadya mopyola muyeso pa Khirisimasi, ndipo amathamangira ku nyumba zochitira maseŵera olimbitsa thupi. Kuno Januwale ndi mwezi wa njala. Nkhokwe zambiri zimakhala zitagona, chimanga pamsika chakwera mtengo, mlimi ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, feteleza wachiŵiri akufunika, fizi ya ana ikudikira, ndipo udzudzu uli ponseponse. Choncho munthu amene angotola malonjezo a eni pa Facebook kapena pa WhatsApp nkuŵavala osaŵayesa, ali ngati wovala jekete laubweya mu Okotobala ku Nsanje. Lonjezo labwino ndi limene lasokedwa molingana ndi msinkhu wa mwini wake, thumba lake ndi nyengo imene ali.

Mnzanga wa kukoleji

Aŵerengi andilole ndisimbe nkhani imene yandichititsa kulemba zimenezi. Ndisanaloŵe ntchito ya utolankhani ndinali mphunzitsi, ndipo ku koleji ya aphunzitsi ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wina wochangamuka, katswiri wa masamu ndi mpira. Zaka zitapita iye anakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulaimale. Thupi linabwera, mimba inatsogola, ndipo tonse tinkamuyamikira kuti wapeza bwino. Chaka chilichonse tikakumana pa tchuthi cha Khirisimasi ankandiuza kuti mutu umamuŵaŵa kunkhongo nthaŵi zina, ndipo kuti sukulu zikangotsegulidwa apita kukayezetsa. Sukulu zinkatsegulidwa, mayeso a Sitandade 8 nkuyandikira, misonkhano ya makolo nkuchuluka, ndipo kuyezetsa kuja kunkadikira Nyuwere ina.

Tsiku lina m'maŵa, ana ali pamzere, mnzangayo anaimirira kuti alankhule, koma mawu anakana kutuluka, ndipo anagwa pansi pamaso pa sukulu yonse. Kuchipatala anapeza kuti magazi ake anali akuthamanga kwambiri kwa nthaŵi yaitali, ndipo mtsempha wina wa mu ubongo unaonongeka. Moyo unapulumuka, koma dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, ndipo lilime limalemera mpaka lero. Kumudzi kwawo kunamveka manong'onong'o akuti wina wansanje ndiye anamuponyera, ndipo abale amene ankadyera mbale imodzi anasiya kupatsana moni. Dzanja limene linkalemba masamu pabolodi tsopano silingathe kugwira choko. Mkazi wake, amene ankayembekeza kukalamba mwamtendere, ndiye amamusambitsa, ndipo mwana wawo woyamba anasiya maphunziro ake kuti azithandiza pakhomo.

Nditachoka kukamuzonda, manyazi anandigwira, pakuti inenso ndinali ndisanayezetsepo. Ndinapita kuchipatala sabata yomweyo, ndipo anamwino anandiuza kuti ndibwerenso tsiku lina kuti atsimikize. Nditabwereranso, nambala zinali zokwerabe. Kuchokera tsiku limenelo ndimamwa kambulu kamodzi m'maŵa uliwonse. Kusiyana kwa ine ndi mnzanga uja sikuli pa nzeru kapena pa khalidwe ayi. Iye anagwa poyamba, ine ndinachenjera ndi tsoka lake.

Choyamba: dziŵani nambala zanu

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo palibe matenda amene mwambi umenewu ukuŵayenera kuposa kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti BP. Munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri akudya bwino, akuseka, akugwira ntchito, pamene mkati mtima ukutopa, impso zikuonongeka, ndi mitsempha ya mu ubongo ikufooka. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa Amalaŵi a zaka 25 mpaka 64, munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto limeneli, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sankamwa mankhwala alionse. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 anali ndi shuga wokwera m'magazi. Chodabwitsa nchakuti vutoli silinapezeke m'tauni mokha, koma ngakhale kumidzi kumene tinkaganiza kuti matenda a anthu olemera safikako.

Tsono ngati pali lonjezo limodzi limene munthu aliyense wamkulu ayenera kuliika patsogolo chaka chino, ndi ili: mwezi uno usanathe ndikayezetsa BP, ndipo ndikapempha kuti nambala zake zilembedwe m'kabuku kanga ka kuchipatala. Kuyezako kumatenga mphindi zochepa, sikupweteka, ndipo m'zipatala za boma sikulipiritsa. Nambala zikafika pa 140 pamwamba kapena 90 pansi, ndipo zikapezekanso chomwecho pa tsiku lina, ndiye kuti munthu akufunika uphungu wa achipatala. Amene apatsidwa mankhwala akumbukire kuti mankhwala ameneŵa sali ngati a malungo amene amatha m'masiku atatu. Ambiri amamwa mwezi umodzi, akamva bwino nkusiya, ndipo ndi pamenepo pamene ngozi imaŵapeza.

Ulendo womwewo wa kuchipatala ukhoza kusenza akatundu ena. Kuyambira m'chaka cha 2004 mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV amaperekedwa mwaulere m'dziko muno, kotero palibenso chifukwa choopera kudziŵa mmene magazi alili. Amayi nawo apemphe kuyezedwa khomo la chiberekero, pakuti dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri, chonsecho ikapezeka isanakhwime imachizika. Katemera woteteza atsikana ku kachilombo koyambitsa khansayi anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, ndipo kholo lanzeru lionetsetse kuti mwana wake wamkazi walandira.

Chachiŵiri: yang'anani m'mbale

Ife amene tinaphunzira kale tinkaloŵeza magulu atatu a zakudya: zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda. Masiku ano alangizi amaphunzitsa magulu 6, amene ndi zakudya zokhutitsa monga nsima, mbatata ndi chinangwa, za mtundu wa nyemba monga nandolo, khobwe, soya ndi mtedza, zochokera ku nyama monga nsomba, mazira ndi mkaka, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi mafuta. Tikayang'ana mbale ya Mmalaŵi wamba timapeza phiri la nsima ndi kandiwo kongonyoŵetsera mbamu. Pakhomo pamene ndalama zayamba kuoneka, kusintha kumakhala kwakuti mgaiŵa umathamangitsidwa, ufa woyera nkuloŵa, bonongwe amatchedwa ndiwo ya amphaŵi, ndipo bambo amadya nkhomaliro yake pa chiŵaya, tchipisi ndi kanyenya wothira mchere wodzaza dzanja. Timati kumeneko nkutukuka, koma thupi limaŵerenga mosiyana. Pokonola ndi kuviika chimanga timataya gaga ndi kamtima ka njere, mmene muli mafuta, mavitamini ndi zina zothandiza m'mimba.

Mchere ndiwo uyenera kuyang'aniridwa kwambiri. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira, kuŵerengera pamodzi mchere wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa mu nsomba zouma ndi wa m'timibulu tokometsera ndiwo. Mchere ukachuluka m'thupi umasunga madzi m'magazi, ndipo mtima umakakamizika kupopa mwamphamvu. Sitikunena kuti mchere uthe m'nyumba, pakuti mchere wokhala ndi ayodini umateteza ku chithokomiro ndiponso umathandiza ubongo wa mwana. Tikunena kuti kambale ka mchere kachoke pamphasa kapena patebulo, ndipo chizoloŵezi chothira mchere ndiwo zisanalaŵidwe chithe. Lilime limadandaula masabata oŵerengeka, kenaka limazoloŵera. Chimodzimodzinso shuga. Munthu wamkulu sayenera kupyola masupuni a tiyi pafupifupi 12 pa tsiku, koma botolo limodzi lokha la zakumwa zoziziritsa kukhosi likhoza kukhala ndi masupuni pafupifupi 8, ndipo ena a ife timathira anayi m'kapu imodzi ya tiyi.

Mwayi wake ngwakuti mwezi wa njala womwewu ndiwo mwezi wa masamba. Bonongwe, chisoso, luni, denje, nkhwani, khwanya ndi kholoŵa zimamera popanda kuzipempha, ndipo mango akumapeto akadalipo. Akatswiri amalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. Amayi athu achepetse soda pophika, asaphike masamba mpaka kuda, ndipo atsireko nsinjiro kapena timafuta pang'ono, pakuti mavitamini ena saloŵa bwino m'thupi popanda mafuta.

Tikudziŵa kuti pali mabanja ambiri amene mwezi uno akudya kamodzi pa tsiku, ndipo kuŵalalikira za kuchepetsa tchipisi kungakhale kuŵanyoza. Kafukufuku wa za umoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Lonjezo la banja lotere limalonjezedwa mu Januwale koma limakwaniritsidwa pokolola. Lonjezo lake ndi lakuti mavenda akadzafika ndi sikelo zawo mu Meyi, sitidzagulitsa mtedza ndi nyemba zonse, tidzasiyako za phala la ana. Tidzafutsa masamba pamene ali ambiri ndi kusunga mfutso m'zikwatu monga ankachitira agogo athu. Mazira ena adzaloŵa mumphika m'malo mopita onse kumsika. Paja nkhanga zinapangana kusanapse.

Chachitatu: madzi, neti ndi miyendo

Sitinaiŵale mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, ndipo unachititsa kuti sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Chitetezo chake nchodziŵika kwa mwana aliyense wa Sitandade 4: kuŵiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini, kusamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndi tisanadye, kusambira madzi othirirana m'malo mwa beseni limodzi, ndi kukhala ndi chimbudzi chovundikira. Malungo nawo ali pachimake nyengo ino. Dziko la Malaŵi linali loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala zake, mu Epulo 2019, koma katemerayo sanabwere kudzachotsa neti. Neti imene ikutchinga nkhuku padimba kapena kukokera usipa kunyanja siingateteze mwana usiku. Ndipo thupi likatentha, tikayezetse tsiku lomwelo, tisayambe ndi kugula mankhwala pa okala.

Kunena za kulimbitsa thupi, mlimi amene akupalira kuchokera m'bandakucha safunika uphungu wathu. Mawu aŵa akupita kwa ife a m'maofesi, oyendetsa galimoto, ogulitsa m'sitolo, ndi onse amene amakwera kabaza paulendo umene agogo awo ankauyenda atasenza mtolo wa nkhuni. Muyeso wa WHO ndi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiko kuti theka la ola masiku asanu, kuyenda mwandawala kufikira thupi litafunda. Sipafunika nsapato zamtengo wapatali. Kutsika minibasi siteji imodzi tisanafike, kulima kadimba kuseri kwa nyumba, kapena kuyenda wapansi popita kutchalitchi ndi kumzikiti, zonsezi zimaŵerengedwa.

Chachinayi: botolo ndi ndudu

Kafukufuku wa 2009 uja anapezanso kuti mwamuna mmodzi mwa anayi ankasuta fodya, ndipo atatu mwa khumi ankamwa moŵa. Boma linaletsa moŵa wa m'masacheti mu 2015 litaona mmene unkaonongera achinyamata, ndipo mu 2023 dziko lino linavomereza pangano la maiko lochepetsa kusuta fodya. Koma lamulo limathera pakhomo la nyumba. Mkati mwa nyumbamo woweruza ndi mwini wake. Bambo amene akufuna kudziŵa ngati moŵa wamupitirira asafunse anzake a kumoŵa. Atenge pensulo, alembe ndalama zonse zimene wamwera mwezi wa Disembala, aziike pambali pa mtengo wa thumba la feteleza kapena yunifolomu ya mwana, ndipo aŵerenge yekha. Tichenjezenso kuti munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene manja ake amanjenjemera m'maŵa asanalaŵe, asasiye mwadzidzidzi payekha, pakuti kutero kukhoza kumudwalitsa koopsa. Apite kuchipatala akamuthandize kusiya mwadongosolo.

Chachisanu: katundu wa mumtima

Umoyo si thupi lokha. Januwale ndi mwezi umene ngongole za Khirisimasi zimagogoda pachitseko, akatapila amayendera makomo, ndipo ena amathaŵira ku juga ya pafoni poyembekeza kuti maŵa zisintha. Malipoti a apolisi akhala akusonyeza kuti mwa anthu amene amadzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kaŵirikaŵiri. Tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo mawu ameneŵa adzaza manda. Komatu makolo omwewo anatisiyiranso mwambi wakuti mbeŵa ya manyazi inafera kuuna.

Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi anaphunzitsidwa kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu olemedwa mumtima, kuŵathandiza kusanthula mavuto awo limodzi ndi limodzi, ndipo kafukufuku anasonyeza kuti odwala ambiri anapepukidwa. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife amene tili ndi ankhoswe, atsibweni, anamkungwi ndi akulu a mpingo. Lonjezo la chaka chino likhale lakuti vuto likandikulira ndidzauza munthu mmodzi wodalirika dzuŵa lisanaloŵe, ndiponso kuti mnzanga akayamba kudzipatula ndidzapita kukakhala naye pansi. Pamene vuto lakula, thandizo lilipo m'zipatala za m'maboma, ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi ku St John of God ku Mzuzu. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga, monganso kupita kwa dokotala wa mano sikutanthauza kuti mano onse aguluka.

Mmene lonjezo limasungidwira

Wina anganene kuti kulonjeza nkutaya nthaŵi popeza malonjezo amasweka. Akatswiri anayesa nkhani imeneyi. Mu 2002 John Norcross ndi anzake a pa yunivesite ya Scranton ku America anafalitsa zimene anapeza atatsatira magulu aŵiri a anthu ofuna kusintha khalidwe. Patapita miyezi 6, mwa amene analonjeza pa Chaka Chatsopano, 46 mwa 100 anali akupitirizabe, pamene mwa amene ankangolakalaka osalonjeza, anali 4 okha mwa 100. Tsono kulonjeza kuli ndi phindu. Chimene chimapha malonjezo ndi kalonjezedwe kake.

Cholakwa choyamba ndi kuchulutsa. Tatchula zinthu zambiri pamwambapa, koma sitikupempha munthu kuti azisenze zonse tsiku limodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kayezetseni poyamba, pakuti umenewo ndi ulendo wa tsiku limodzi. Kenaka sankhani chizoloŵezi chimodzi chokha chimene chikukuopsezani koposa, ndipo mulimbane nacho kufikira chitagonja.

Cholakwa chachiŵiri ndi kulonjeza za m'malere. Ku koleji ya aphunzitsi, mphunzitsi wathu wa kaphunzitsidwe ankatibwezera pulani iliyonse imene cholinga chake chinali chakuti ana adziŵe masamu. Ankafuna tilembe kuti pakutha pa phunziro ili ana athe kuphatikiza nambala ziŵiri za manambala aŵiriaŵiri, pakuti cholinga chotero chimaoneka ngati chakwaniritsidwa kapena ayi. Patapita zaka ndinadzaŵerenga kuti katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Peter Gollwitzer, analongosola mfundo yofanana mu 1999: munthu amene waneneratu nthaŵi, malo ndi njira yochitira chinthu amachichita kaŵirikaŵiri kuposa amene wangoti ndidzachita. Choncho mawu akuti "ndizisamala thupi langa" ndi mphepo chabe. Lonjezo lenileni ndi lakuti "Lachiŵiri likudzali, 8 koloko m'maŵa, ndikakhala pamzere kuchipatala," kapena "tsiku la malipiro ndizipita kunyumba ndisanadutse pa bala," kapena "ndikamaliza kutsuka mkamwa m'maŵa ndizimwa mankhwala anga."

Cholakwa chachitatu ndi kutaya mtima msanga. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzoloŵera chinthu chatsopano, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2009, zinasonyeza kuti chizoloŵezi chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ngakhale kuti ena anatenga masiku 18 okha pamene ena ankafunika oposa 250. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa ntchito yonse. Tikaŵerenga masiku 66 kuchokera pa 1 Januwale tikufika sabata yoyamba ya Malichi. Ndiye kuti amene akugwa ulesi pa 15 Januwale akuzula chimanga chisanamasule, nkumati mbeu inali yoipa. Mlimi akajomba kumunda tsiku limodzi chifukwa cha maliro sasiya munda wonse kuti ukhale thengo. M'maŵa mwake amatenga khasu nkupitiriza pamene analekezera. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Cholakwa chachinayi ndi kulonjeza mobisa. Ukwati umalimba chifukwa uli ndi ankhoswe, ndipo ndalama za banki mkhonde zimabwezedwa chifukwa gulu lonse likuona. Lonjezo la umoyo nalonso lifunika mboni. Uzani akazi anu, amuna anu, mnzanu wa kuntchito kapena mwana wanu wamkulu, ndipo mumupatse ufulu wokufunsani Loŵeruka lililonse. Ndiponso kumbukirani kuti mphika ndi umodzi pakhomo: bambo sangachepetse mchere ngati amene amaphika sanamve chifukwa chake, ndipo mayi sangapite kukayezetsa ngati bambo akukana kutsala ndi ana. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu otsiriza

Pa zaka zoyambirira za m'ma 2000, pamene Edzi inali pachimake, mwana wobadwa m'dziko muno sankayembekezeka kufika zaka 50. Lero chiyembekezocho chapyola zaka 60. Zaka zimene taonjezeredwazi zinagulidwa ndi thukuta la anamwino, madokotala, alangizi a zaumoyo oyenda panjinga m'midzi, ndi mabanja amene analimba mtima kukayezetsa. Kungakhale kupanda nzeru kuti tipulumuke ku mliri umene unkaoneka ndi maso, nkudzafa ndi mchere, botolo ndi manyazi. Dziko silingatukuke ngati aphunzitsi ake, alimi ake ndi amisiri ake akugwa pa msinkhu umene nzeru zawo zangoyamba kukhwima, nkusiya ana ali pasukulu.

Pa tchuthi chapitachi ndinapitanso kukamuona mnzanga uja. Ndinamupeza pakhonde, akuphunzira kulemba dzina lake ndi dzanja lamanzere m'kope la mwana wa Sitandade 1. Nditamuuza kuti ndikufuna kulemba nkhani yake popanda kumutchula dzina, anagwedeza mutu kuvomera, ndipo anandiloza pamkono pamene anamwino amamangapo lamba woyezera. Sanathe kunena zambiri, koma ndinamva.

Aŵerengi okondedwa, zengerezu adalinda kwaukwau. Musanapinde nyuzipepala ino, tengani cholembera, lembani lonjezo lanu limodzi kuseri kwa kabuku ka kuchipatala kapena pa kalendala ya pakhoma, muikepo tsiku ndi ola, ndipo muitane mboni yanu idzaone. Ife tonse a nyuzipepala ino tikukufunirani inu ndi mabanja anu chaka cha mvula yabwino, nkhokwe zodzaza ndi matupi athanzi.